Kukonza hot rod yakale: mopumira injini ndi masipuling'i akumbuyo

Pali mapaipi awiri amene anthu okonza hot rod, galimoto yakale ya ku America yosinthidwa kuti ipepuke ndi kuthamanga, amathamangira kuzula n'kuponya kuseri kwa galaja. Yoyamba ndi paipi yopyapyala yochoka pa injini n'kulendewera kunsi kwa galimoto, yotchedwa road draft tube. Inayo ndi chipaipi chonenepa chochoka pa difu kukafika kumbuyo kwa giyabokosi, torque tube, chimene galimoto zazing'ono za Ford zinali nacho mpaka 1948. Mapaipi onsewa amatchinga malo pamene munthu akufuna kuika injini ina kapena giyabokosi yamakono, ndiye kuwachotsa kumamveka. Vuto ndi lakuti paipi iliyonse inali ndi ntchito yake. Mukaichotsa osaika china chogwira ntchitoyo, kutsogolo injini imayamba kulavula oilo m'magasiketi, kumbuyo zitsulo zimapindika n'kumang'aluka.

Galimoto zimenezi kwawo ndi kum'mwera kwa California, kumene m'zaka za m'ma 1930 anyamata ankatenga Ford zotchipa, kuzichotsa madigadi ndi chilichonse cholemera, n'kukathamangitsana pa nyanja zouma za Muroc ndi El Mirage. Malangizo awa atengera galimoto zimene zimakonzedwa kwambiri mpaka lero: Model A ya 1928 mpaka 1931 ndi Ford ya 1932, yokhala ndi injini ya flathead V8 imene Ford anapanga kuyambira 1932 mpaka 1953, kapena small-block ya Chevrolet imene inatuluka mu 1955.

Musanayambe, pezani masipanala a mainchi. Ngati munazolowera galimoto za ku Japan, sipanala ya 13 idzakunyengani kuti yakwana pa bawuti ya theka la inchi, kenako n'kuidya makona. Mufunikanso geji yoyezera compression, geji ya vacuum, choyezera madigiri (foni imatha, koma chachitsulo chokhala ndi maginito n'chabwino), tepi, chingwe chokhala ndi kachitsulo kosongoka kumapeto, ndi masitandi anayi olimba. Osalowa kunsi kwa galimoto imene yakhala pa jeke yokha kapena pa njerwa.

Kuyamba ndi injini

Nthawi iliyonse petulo akaphulika pamwamba pa pisitoni, utsi wina umazemba m'mbali mwa maring'i n'kugwera kunsi, kumene kuli oilo. Zimachitika ngakhale pa injini yatsopano. Mu utsiwo muli petulo wosapsa, asidi ndi nthunzi yamadzi, pakuti lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa madzi okwana pafupifupi lita imodzinso, ngakhale ambiri amatulukira ku ekizozi. Utsi ukasowa potulukira umachita zinthu ziwiri. Umakankha oilo kuti atuluke paliponse pofooka, makamaka pa silo ya kumbuyo kwa crankshaft ndi pa dipstick. Ndipo nthunzi ija ikazizira imasakanikirana ndi oilo n'kupanga matope amene amatseka tinjira ta oilo. Mukatsegula chivindikiro chothirira oilo n'kupeza kunsi kwake kuli zinthu zotuwa ngati tiyi wamkaka wokhuthala, pamene madzi a mu redieta sakuchepa, dziwani kuti injini sikupuma bwino.

Choyamba yezani thanzi la injiniyo. Itenthetseni, chotsani mapulagi onse, tsegulani kabuleta mpaka kumapeto, muyeze compression ya silinda iliyonse. Masilinda asasiyane kupitirira 10 pa 100 iliyonse. Ina ikatsika, thirani supuni imodzi ya oilo pabowo la pulagi muyezenso. Ikakwera kwambiri ndiye kuti maring'i atha. Zikatero siyani kaye zonse zili m'munsimu, chifukwa palibe valavu yoyamwa utsi, monga imene tikambe m'munsimu, imene ingameze utsi wa injini yakutha maring'i. Anthu ambiri amawononga ndalama pogula ma breather (tizivindikiro topumira injini) onyezimira anayi pamene matenda ali m'masilinda.

Chachiwiri, dziwani buloko imene muli nayo, chifukwa zimasiyana. Pa Chevrolet, yang'anani kumbuyo kwa manifold (chitsulo chimene kabuleta imakhalapo, chogawira masilinda petulo ndi mpweya), pafupi ndi distributor. Mabuloko a 1955 mpaka 1967 ali ndi bowo pamenepo, pomwe pankalowa road draft tube, ndipo mkati, kunsi kwa manifold, muli kachitini kolekanitsa oilo ndi utsi. Mpweya wabwino unkalowera pa paipi yothirira oilo imene imaima kutsogolo kwa manifold. N'chifukwa chake ma valve cover, makava ovindikira mavalavu pamwamba pa injini, a nthawi imeneyo analibe bowo ngakhale limodzi. Mabuloko otsatira, kuphatikizapo 350 zambiri zimene anthu amagula masiku ano, alibe bowo la kumbuyoli, amapumira m'ma valve cover. Apa ndi pamene anthu amagwera: amagula 350, n'kuivindikira ndi makava akale a aluminiyamu a mizeremizere opanda mabowo kuti ioneke yachikale, n'kuikanso manifold yopanda paipi yothirira oilo. Injini yotsekedwa kotheratu. Imaoneka bwino pa chithunzi, koma pakangopita makilomita ochepa kunsi konse kumakhala kuli noninoni.

Pa flathead, injini za 1949 mpaka 1953, zotchedwa 8BA, zili ndi road draft tube ndi paipi yothirira oilo kutsogolo kwa manifold. Zakale kuposa pamenepo, monga 59A, mpweya umalowera kumbuyo, pamene pamakhala pampu ya petulo, n'kutulukira pa kabowo ka pa sampu cha kutsogolo.

Mwina mungafunse kuti bwanji osangosiya road draft tube momwe ilili. Mukhoza, ngati cholinga chanu n'kubwezera galimoto momwe inatulukira ku fakitale. Koma paipi imeneyi imakoka utsi pokhapokha mphepo ikamadutsa kukamwa kwake, ndiye kuti galimoto ikuthamanga kupitirira makilomita 30 kapena 40 pa ola. Ikaima pa maloboti, utsi umangofuka kunsi n'kulowa m'galimoto, ndipo hot rod yambiri pansi pake pali mabowo. Imadonthetsanso oilo. Boma la California linalamula kuti galimoto zatsopano za 1961 zikhale ndi PCV, ndipo pofika 1964 pafupifupi galimoto zonse zatsopano za ku America zinali nayo. PCV ndi kavalavu kakang'ono kamene kamalola injini kuyamwa utsi uja kudzera mu manifold n'kuuwotcha. Sikadya mphamvu yoti mungaimve, ndipo kamabisika mosavuta. Ine ndingaike PCV pa hot rod iliyonse yoyenda pamsewu.

Chachitatu, konzani polowera ndi potulukira. Pamafunika zonse ziwiri, ndipo zitalikirane kuti mpweya udutse mu injini monse: mbali ina breather yokhala ndi fyuluta, mbali ina valavu ya PCV. Ma breather awiri okha opanda PCV amachepetsa mphamvu yokankha oilo ija koma sachotsa nthunzi. PCV yokha yopanda polowera imayamwa mpaka kukokera magasiketi mkati ndi kuliza masilo. Ndipo breather yopanda fyuluta pa msewu wafumbi ndi khomo la mchenga wolowa mu oilo.

Pa buloko yakale ya Chevrolet ntchito ndi yochepa. Masulani bawuti imodzi yogwira road draft tube, muzule paipiyo, pabowopo muikepo kachitsulo kolumikizira paipi ya labala. Chevrolet yeniyeniyo inachita chomwechi pa galimoto zake za m'ma 1960, ndiye tizitsulo timeneti timapezeka. Kachitini ka mkati kaja musakachotse, ndipo ngati manifold ili kale pansi, katsukeni ndi parafini. Kutsogolo, chivindikiro cha paipi yothirira oilo chikhale chopumira.

Pa buloko yatsopano muli ndi njira ziwiri. Yosavuta ndi kugula ma valve cover okhala ndi mabowo, amene nthawi zambiri amakhala a mainchi 1.22, PCV mbali ina, breather mbali inayo. Musanawamange, atembenuzeni muone ngati kunsi kwa bowo lililonse kuli baffle, kachitsulo kotchinga oilo amene ma rocker amawaza. Makava otchipa ambiri alibe, ndipo popanda baffle PCV imamwa oilo ngati madzi, mapulagi n'kumada. Njira yachiwiri ndi ya amene akuumirira makava opanda mabowo. Pezani manifold yokhala ndi paipi yothirira oilo kutsogolo, monga zakale za Edelbrock ndi Offenhauser, ndiye polowera pamenepo. Potulukira muboole nokha kumbuyo kwa manifold, pakati pa kabuleta ndi distributor, pamalo pamene bowo lidzatulukira m'chigwa cha pakati pa injini. Manifold ikhale pa benchi, osaboola ili pa injini. Itembenuzeni kaye muonetsetse kuti simukulowa m'njira ya petulo kapena ya madzi. Gulani labala yogwira valavuyo musanaboole kuti bowo lifanane nayo. Kunsi pangani baffle ya lata yopindidwa, yotalikirana ndi bowo pafupifupi mamilimita 10, yotseguka m'mbali. Masikuluwu ake muwapake mankhwala omata ulusi kapena muwakhome mitu kuti asamasuke, poti sikuluwu imodzi ikagwera pa camshaft, injini yonse yapita.

Pa 8BA valavu imalowa pamene panali road draft tube. Pa flathead zakale, mukaika PCV tsekani kabowo ka pa sampu kaja, apo ayi injini iziyamwa fumbi la pamsewu kudzera pomwepo.

Tsopano kumene paipi ya PCV ikathere. Makabuleta a Holley ndi Edelbrock a mabowo anayi ali ndi kapaipi konenepa ka 3/8 ya inchi m'munsi mwake, n'komweko. Musailumikize ku njira ya silinda imodzi ya manifold, chifukwa silinda imeneyo idzalandira mpweya wambiri petulo wochepa, n'kumatentha kuposa zinzake. Musaigawanitsenso ndi paipi ya booster ya mabuleki. Ngati muli ndi makabuleta akale awiri kapena atatu monga Stromberg 97, amene alibe polumikizira, ikani kachitsulo kophwatalala kunsi kwa kabuleta imene injini imadalira ikamalira pang'onopang'ono, kobooledwa kuti utsi ugawikane mbali zonse ziwiri. Paipi ikhale yopirira oilo ndi yosaphwatalala ikayamwidwa. Ya madzi a hita imafewa n'kudzitseka. Onetsetsaninso kuti valavu yayang'ana koyenera.

Valavu yake musangotola iliyonse. Mkati mwake muli kachitsulo ndi kasipuling'i zimene anazipangira injini ya kukula kwakutikwakuti. Injini wamba ikamalira yokha imaonetsa vacuum ya mainchi 17 mpaka 21 ikakhala m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo nambalayi imatsika ndi inchi imodzi pa mamita 300 aliwonse amene mwakwera. Ku Lilongwe, komwe n'kokwera mamita oposa pang'ono 1,000, geji idzaonetsa mainchi atatu kapena anayi kutsikirapo, ku Johannesburg pafupifupi asanu ndi limodzi, ndiye musaimbe mlandu injini yosalakwa. Sankhani valavu ya injini yofanana kukula ndi yanu. Koma ngati munaika camshaft yaukali imene imagwetsa vacuum kufika pa 12 kapena kutsikirapo, valavu wamba imakhala yotseguka theka nthawi zonse, injini n'kumakwera ndi kutsika yokha. Pamenepo pamafunika valavu yosinthika kapena ya bowo limodzi losasintha.

Mukamaliza, lizani injini itenthe, musinthe masikuluwu a mixture a pa kabuleta, osakaniza petulo ndi mpweya, chifukwa tsopano mukulowa mpweya woonjezera. Chotsani breather, muike kapepala kolimba pabowopo: kakuyenera kukokedwa pang'ono n'kumatirira. Kakamauluzika, utsi ukuchuluka kuposa mmene valavu ingathere. Finyani paipi ya PCV ndi pulayala, liwiro la injini litsike pang'ono. Mukayenda ulendo wotalikirapo, zulani paipiyo muyang'ane mkati. Kunyowa pang'ono si nkhani. Oilo akamadontha, baffle yanu sikugwira, ikonzeni, kapena muike kachitini kotchera oilo pakati pa valavu ndi kabuleta.

Kumbuyo: mmene Ford anapangira

Kuti musalakwitse kumbuyo, mvetsani kaye zimene munazipezapo. Mathiraki ndi mapikapu amene tinazolowera ali ndi masipuling'i awiri ogona motsatira felemu. Ford yakale ili ndi sipuling'i imodzi yopingasa, yomangidwa pakati pake ku crossmember (chitsulo chopingasa cha felemu), nsonga zake n'kulumikizidwa ku ekiselo ndi mashakolo, tizitsulo tolendewera tomwe timalola sipuling'i kutambasuka. Ntchito yaikulu ya sipuling'i imeneyi ndi kunyamula kulemera. Kukankha galimoto kuti ipite kutsogolo, ndi kuletsa difu kuti isagudubuke mukaponda mafuta kapena mabuleki, inali ntchito ya torque tube, imene kutsogolo kwake kuli mpira wachitsulo wozungulira kumbuyo kwa giyabokosi. Zitsulo ziwiri zotchedwa radius rods zimachoka kunsonga za ekiselo kukakumana pa torque tube, ntchito yake kungogwira ekiselo kuti isapotoke. Zonsezi zimayendera pa mfundo imodzi, pa mpira paja, n'chifukwa chake tayala limodzi limatha kukwera mwala linzake lili pansi popanda chopindika.

Mukaika giyabokosi yamakono ndi pulopela shafuti yapoyera, torque tube imachoka. Anthu ena amatenga ma radius rods akale aja n'kuwamangira ku felemu, kuganiza kuti zatha. Zitsulo zimenezo ndi zopyapyala, sanazipangire kulimbana ndi mphamvu yogudubuza difu, ndipo zimapindika kapena kuthyoka pafupi ndi ekiselo. Choipanso kwambiri ndi kuzitambasula, china ku felemu ya kumanja china ya kumanzere. Galimoto ikapendekera pa kona, chitsulo china chimafuna kupotoza ekiselo chamtsogolo, chinzake chammbuyo, ekiselo n'kukana. Mphamvu yonseyo imathera m'mabulaketi ndi mowotcherera, mpaka tsiku lina chimaduka.

Yambani ndi msinkhu wa galimoto. Matayala ndi marimu amene mudzayendere akhale alipo kale, osati ongobwereka. Ikani injini, giyabokosi, bodi, thanki ndi batire m'malo mwake, kapena matumba a mchenga olemera mofanana. Khazikani felemu pa masitandi pa msinkhu umene mukufuna, kumbuyo kokwererapo pang'ono monga hot rod imakhalira. Kunkhunizani ekiselo ilowe kunsi. Pakati pa ekiselo ndi felemu pakhale mpata wosachepera mamilimita 75, kuphatikiza labala yoletsa kugunda. Mpata ukachepa, felemu iyenera kudulidwa n'kukwezedwa kumbuyo, kumene amati kupanga Z, kapena kusemedwa pamwamba pa ekiselo n'kulimbitsidwa. Felemu ya Model A ndi yofewa, ndipo ikalandira V8 iyenera kutsekedwa mkati ndi chitsulo kuti ikhale bokosi. Onaninso kuti palibe bulaketi kapena bawuti imene yatsika kupitirira mkombero wa rimu, kuti tayala likaphulika galimoto itere pa rimu, osati pa chitsulo chimene chingakumbe msewu.

Kenako ikani ekiselo pakati penipeni. Kuchokera pa ekiselo ya kutsogolo kufika ya kumbuyo, Model A ndi mainchi 103.5, Ford ya 1932 ndi mainchi 106. Koma muimenso patali muone ngati tayala lakhala pakati pa malo ake pa bodi, poti diso limaona msanga likasuntha ngakhale pang'ono. Ndi chingwe chija, tsitsirani pansi pa simenti malo ofanana a mbali zonse za felemu ndi a nsonga za ekiselo, mulembe ndi choko. Yezani mopingasa, kutsogolo kumanja kufika kumbuyo kumanzere, kenako mbali inayo. Miyezo iwiriyi isasiyane kupitirira mamilimita 3. Zikakhala bwino, gwirizitsani ekiselo ku felemu ndi tizitsulo towotcherera pang'ono, tochotsa pambuyo pake.

Za ekiselo yeniyeniyo sinditayapo nthawi. Difu yakale ya Ford, ya banjo, imakwana kumbuyo kwa flathead ndi matayala opyapyala. Mahafu shafuti ake amagwira habu ndi kiyi, ndipo ndi pamene pamathyoka mukaipatsa mphamvu zambiri. Kwa small-block anthu amaika Ford 9-inch, imene inapangidwa kuyambira 1957 mpaka 1986, kapena 8-inch yopepukirapo, yomwe imakwanira galimoto yopepuka chonchi.

Chogwira ekiselo

Apa ndi posankha. Ngati muli ndi flathead ndi giyabokosi yake, siyani torque tube, palibe chimene mungapange choposa pamenepo. Ngati mukufuna kuti ma radius rods akale azioneka koma shafuti ndi yapoyera, nsonga zake zikumane pafupi pakati pa galimoto, ndipo muonjezere chitsulo chachitatu cholimba, torque arm, chochoka pa difu kukathera pa mzere womwewo pamene ma radius rods akuzungulira.

Ma ladder bars ndi zitsulo ziwiri zooneka ngati makwerero, chilichonse chogwira ekiselo pamwamba ndi pansi. Zapamsewu zikhale zazitali, ndipo kutsogolo ziyandikane pakati, mbali ndi mbali ya pulopela shafuti pafupi ndi giyabokosi, zili ndi mabushi a labala kapena urethane. Zikatero zimatsanzira torque tube ndipo sizilimbana ndi ekiselo kwambiri. Zofupika zoyenda motsatira felemu n'za mpikisano wothamanga molunjika, pamsewu wa makona ndi maenje zimang'amba mabulaketi. Four-link ili ndi zitsulo zinayi, ziwiri mbali iliyonse. Zikakhala zonse zolunjika kutsogolo pamafunika Panhard bar yoletsa ekiselo kuyenda cham'mbali. Ziwiri zapamwamba zikapendekera mkati n'kupanga katatu, zimadzigwira zokha. Kwa galimoto yofuna maonekedwe a m'ma 1950, ine ndingasankhe ma ladder bars aatali ndi sipuling'i yopingasa. Kwa yoyenda maulendo ataliatali, four-link ndi ma coilover, mashoko okhala ndi sipuling'i yozungulira kunja kwake, imakhala yofewa pamsana. Zitsulo zam'munsi zikhale zogona molingana ndi pansi galimoto ikakhala pa msinkhu wake.

Musanawotcherere bulaketi ina iliyonse pa ekiselo, konzani madigiri a pinion, giya ya kumphuno kwa difu kumene pulopela shafuti imalumikizidwa. Ikani choyezera kumbuyo kwa giyabokosi. Nthawi zambiri injini imagona chotsikira kumbuyo ndi madigiri pafupifupi 3. Zungulizani ekiselo mpaka mphuno ya difu itayang'ana m'mwamba ndi madigiri omwewo, kuti mzere wa giyabokosi ndi wa pinion ikhale yoyenda limodzi osakumana. Kenako yezani shafutiyo: kusiyana kwake ndi giyabokosi, ndi kusiyana kwake ndi pinion, kukhale pakati pa digiri 1 ndi madigiri 3, ndipo mbali ziwirizo zifanane. Zikasiyana galimoto imanjenjemera pa liwiro lina lake ndipo ma universal joint sakhalitsa. Zikalunjika kotheratu pa 0 nazonso si bwino, chifukwa timasingano ta mkati sitizungulira, timangodya malo amodzi. Hot rod shafuti yake imakhala yaifupi, ndiye kusintha kochepa kwa msinkhu kumasintha madigiriwa kwambiri.

Sipuling'i, Panhard ndi mashoko

Pa Model A sipuling'i imakhala pamwamba pa ekiselo. Kuyambira 1932 imakhala kumbuyo kwake, zomwe zimatsitsa galimoto. Chofunika kwambiri ndi mashakolo. Galimoto itanyamula kulemera kwake konse, shakolo iliyonse ipendekere pafupifupi madigiri 45. Ikalendewera choimirira, bodi imagwedezeka uku ndi uku pamwamba pa ekiselo. Ikagona kwambiri, sipuling'i ilibe potambasukira. Choncho mabulaketi a sipuling'i muwaike mutayeza kutalika kwa tsamba lalikulu kuchoka diso kufika diso, ndipo muyese ndi kulemera kwenikweni musanamalize kuwotcherera.

Sipuling'i yopingasa, makamaka ya Model A imene ndi yokhota kwambiri, imasunga mphamvu yoti ikhoza kuthyola mkono. Poichotsa kapena kuiika gwiritsani ntchito chotambasulira chake, ndipo pomasula bawuti ya pakati manani kaye masamba onse ndi makalampu awiri akuluakulu, muwamasule pang'onopang'ono. Kuti galimoto itsike, gulani tsamba lalikulu la maso otembenuzidwa, limene limatsitsa pafupifupi inchi imodzi. Kuti ifewe, chotsani tsamba limodzi kapena awiri mwa aafupi, poti bodi yopanda madigadi ndi yopepuka kuposa mmene Ford anawerengera. M'malo mwake muike kachitsulo kokhuthala mofanana kuti ma U-bolt agwirebe. Sulani nsonga za masamba zikhale zosalala, mupake girisi kapena muike mapepala a Teflon pakati. Kutenthetsa sipuling'i ndi moto kuti itsike ndi njira ya ulesi imene imapha chitsulo. Pomanga, mutu wa bawuti ya pakati ulowe m'bowo lake la pa crossmember.

Panhard bar ikhale yaitali mmene mungathere, ndi yogona mofanana ndi pansi galimoto ili pa msinkhu wake. Chifukwa chake ndi masamu chabe. Ekiselo ikakwera mamilimita 75, chitsulo cha mamilimita 400 chimaikoka cham'mbali mamilimita 7, pamene cha mamilimita 900 chimaikoka 3 okha. Chikakhala chopendekera kuyambira pachiyambi, manambalawa amakula kwambiri, ndipo mumamva kumbuyo kukutembenuka pa bampu iliyonse. Ngakhale ndi sipuling'i yopingasa ya mashakolo abwino, Panhard imathandiza ngati matayala ali pafupi ndi bodi.

Mashoko aimirire mmene angathere ndipo akhale pafupi ndi matayala. Pa msinkhu woyendera akhale atalowa pafupifupi theka la ulendo wake, ndipo labala yoletsa kugunda ikhudze shoko isanafike pothera. Pa coilover kupendekera kumadya mphamvu ya sipuling'i: pa madigiri 20 imatsala 88 pa 100, pa madigiri 30 imatsala 75. Mwachitsanzo, ngati ngodya imodzi ya kumbuyo ikunyamula makilogalamu 200, osawerengera ekiselo ndi matayala, ndipo mukufuna sipuling'i ilowe mamilimita 50, mukufunika ya makilogalamu 4 pa milimita. Shoko ikapendekera madigiri 20, gawani 4 ndi 0.88, mupeza pafupifupi 4.5, imene m'makatalogi a ku America ndi mapaundi 250 pa inchi. Bawuti ya coilover imanyamula galimoto yonse, ndiye ikhale ya Grade 8 ndipo igwidwe mbali zonse ziwiri.

Zonse zili zogwirizitsa chabe, chotsani tizitsulo tosakhalitsa tija ndi sipuling'i, muyendetse ekiselo ndi jeke. Ikwezeni mpaka pamwamba, itsitseni mpaka pansi, kenako kwezani tayala limodzi lokha, musinthe linzake. Mvetserani pamene pakulimba, yang'anani pamene difu ikuyandikira thanki, pansi pa bodi kapena ekizozi, pamene shafuti ikukhudza crossmember, ndi pamene tayala likupala bodi. Paipi ya labala ya mabuleki isakokeke ekiselo ikatsikiratu, ndipo yoke, nsonga ya shafuti yolowa mu giyabokosi, isagunde mkati mwa giyabokosi kapena kutsala pang'ono kusolokamo.

Mukakhutira, tsitsani ekiselo, muchotse mahafu shafuti ndi mabering'i, muwotcherere pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu mbali ino, kenako mbali inayo, n'kudikira kuti pazizire. Moto wambiri mbali imodzi umakhotetsa paipi ya ekiselo, zotsatira zake mabering'i amatha msanga ndi matayala kudyeka mbali. Ngati kuwotcherera kwanu n'kwa mageti ndi mabagalabazi, ntchito iyi ipatseni wodziwa, ndipo akamaliza ekiselo iyezedwe ngati ili yowongoka. Mabawuti a mabushi a labala muwalimbitse galimoto itatera pa matayala ake, osati ili m'mwamba, apo ayi labala imakhala yopotoka nthawi zonse n'kung'ambika.

Difu nayonso imafuna popumira. Ya banjo inkapumira mu torque tube, ndiye mukaisandutsa ya shafuti yapoyera imakhala yotsekeka, ndipo ikatentha imakankhira oilo m'masilo mpaka pa mabuleki. Boolani kabowo pamwamba pa paipi ya ekiselo musanaimange, muikepo kapaipi ka labala kokwera mpaka ku felemu, nsonga yake yoyang'ana pansi kuti madzi asalowe. Pa 9-inch popumira palipo kale, pa bawuti imene imagwira polumikizira mapaipi a mabuleki. Onani kuti penti kapena matope sanapatseke.

Ulendo woyamba ukhale waufupi, pamsewu wopanda anthu ambiri. Mukabwerera gwirani mashoko ndi difu mumve kutentha, limbitsaninso ma U-bolt ndi manati a mashakolo, muyang'ane ndi tochi m'mphepete mwa powotcherera paliponse ngati penti yang'aluka. Sipuling'i imakhazikika pakapita makilomita mazana angapo ndipo galimoto imatsikako pang'ono, ndiye panthawiyo yezaninso mashakolo, Panhard bar ndi madigiri a pinion.